Kwa Mayi wa Mwana Wobadwa ndi Bowo Mumtima

Lero mawu anga ndi a inu amene mwana wanu amapuma mwabefu, amatuluka thukuta poyamwa, chibayo sichimutha, ndipo kusikelo sakukwera. Mwina ku Senga Bay kapena ku Chipoka kwanuko anthu ayamba kale kunong'ona kuti ndi tsempho. Musadziweruze. Pa ana 100 obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi vuto la mtima, kuno ndi kunja komwe, ndipo simunamutsemphe ndinu.

Mwana akakhala m'mimba pamakhala kamtsempha kolumikiza mitsempha iwiri ikuluikulu yotuluka mumtima. Akabadwa, kamatseka kokha m'masiku ochepa. Kwa ana ena kamakhalabe kotseguka, magazi nkumasefukira m'mapapo, mtima nkumatopa. Ena amakhala ndi bowo pakati pa zipinda za mtima.

Kale njira inali imodzi yokha, kung'amba chifuwa. Koma mu 1967 dokotala wa ku Berlin, Werner Porstmann, adatseka kamtsempha kaja osang'amba. Lero madokotala amalowetsa kapaipi kowonda, kofewa, mumtsempha wa m'mphechepeche mwa ntchafu, nkukakankha mpaka kumtima akuyang'ana pa kanema wa X-ray. Kakafika, amasiyapo kachitsekerero, monga mmene msodzi amamatira bwato lothonya, ndipo pakapita miyezi mnofu umamera pamwamba pake. Ana ambiri amatuluka m'chipatala mawa lake, pantchafu pali kabala kochepa chabe.

Sindikunamizani kuti nzapafupi. Mabowo ena amafuna opaleshoni ndithu, ena ang'onoang'ono amatseka okha mwana akamakula. Chithandizo cha kapaipichi amachita ku Jakaya Kikwete Cardiac Institute ku Dar es Salaam ndi m'zipatala za ku India, kumene boma lathu limatumiza odwala ena, ndipo mzere wodikira ndi wautali. Komatu dzina la mwana amene sadapimidwe silingalembedwe pamzerepo. Podikirapo pali mankhwala ochotsa madzi m'mapapo kuti apume bwino ndi kuyamwa.

Pempherani, Mulungu amamva. Mukatero berekani mwanayo, tengani kabuku kake ka kusikelo, mupite ku chipatala cha boma cha Salima. Fotokozani zonse mukuona, osasiyako, ndipo mufunse ngati angakulembereni kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuti akaunike mtima wake. Abambo, aperekezeni.