Pemphero Lalifupi la Agogo aNangozo

Padangokhala bambo wina, aPhiri, amene ankakhala ku St Mary's m'tauni ya Chitungwiza, kummwera kwa mzinda wa Harare. Bambo awo adachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 pa malole a Ulere, aja ankatuta anthu a ku Nyasaland kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia. Adalima fodya m'mafamu, kenako adalowa m'tauni, ndipo adamwalira asadabwererenso kwawo. APhiri sadauonepo mudzi wa makolo awo. Pamsewu ankayankhula Chishona, koma m'nyumba ndi kutchalitchi chinali Chichewa chokhachokha.

Ntchito yawo inali yowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ku Makoni. Lamulungu ankavala jekete yakuda, poti adali mkulu wa mpingo wa CCAP, wa pansi pa Sinodi ya Harare. Chimene adatchuka nacho ndi pemphero. Akati "tiyeni tipemphere" pamaliro, amayi ankayamba achepetsa moto kuti nsima ingapserere, chifukwa aPhiri ankayambira kwa Abrahamu n'kudzafika kwa Paulo asadatchule ndi dzina la womwalirayo.

Mkazi wawo, aNabanda, ankagulitsa tomato ndi matemba pamsika wa Chikwanha. Mwana wawo wamkulu, Madalitso, adali ku Johannesburg, ndipo pakhomo padatsala Chisomo, mtsikana wa Fomu 4.

Tsiku lina aNabanda akusamba adamva kachotupa kolimba m'bere la kumanzere. Sikankapweteka, choncho adangokasiya miyezi ingapo. Atapita ku chipatala chachikulu cha Chitungwiza adawadula kanyama kokapima, ndipo zotsatira zidati ndi khansa. Bere adalichotsa. Bala litapola adawatumiza ku Parirenyatwa, ku Harare, kuti akayambe mankhwala a khansa otchedwa kemo: maulendo 6, kamodzi pa masiku 21 aliwonse.

Usiku umenewo aPhiri adasonkhanitsa banja. "Nkhani iyi ithere m'nyumba muno," adatero. "Ndapempherera odwala zaka zonsezi. Anthu akamva kuti matenda otere alowa kwa ine, adzati Mulungu wa aPhiri ali kuti? Akafunsa, muziti amayi akupumulako pamsika."

ANabanda adangoti, "Ndamva, bambo a Chisomo."

Tsiku la kemo ankadzuka kusadache. Ankakwera kombi ya mu Seke Road, kuwoloka Manyame kukali mdima, kuti akapeze malo pamzere. Dzulo lake ankayamba apimitsa magazi, chifukwa mankhwalawa saperekedwa ngati asilikali a m'magazi achepa. Ena mwa mankhwalawo ankagula okha ku famase ndi madola a ku America amene Madalitso ankatumiza. M'chipinda cholandirira kemo munali mipando ndi madiripi olendewera. Mankhwala amodzi adali ofiira, ndipo namwino adawachenjezeratu kuti asadzadabwe mkodzo ukafiira tsiku limenelo. Adapatsanso Chisomo pepala, n'kuloza mzere umodzi ndi chala.

"Mankhwalawa amapha maselo amene akuchulukana msanga," adatero namwinoyo. "Khansa imachulukana msanga, komanso tsitsi, khungu la m'kamwa ndi asilikali a m'magazi. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amayi amakhala opanda chitetezo. Thupi likatentha kufika 38, ngakhale pakati pa usiku, muthamangire kuchipatala. Musadikire kuche."

Chisomo adagula choyezera kutentha thupi ndi ndalama yake ya mabanzi, n'kuchisunga m'chikwama cha kusukulu.

Pamzerepo aNabanda adapeza mnzawo, mayi wa Chishona wochokera ku Mabvuku, amene khansa yake idali itafika kale m'mafupa. Ankagawana mbatata yophika ndipo ankapempherera limodzi, wina m'Chishona wina m'Chichewa, diripi ili pamkono.

Patatha masabata awiri chilandirireni kemo yoyamba, tsitsi lidayamba kutsalira papilo. Pofika yachiwiri mutu wonse udali mpala, ndipo aNabanda ankagona ndi duku. Zikhadabo zidada. M'kamwa mudatuluka zilonda moti ngakhale phala linkawawa. Fungo la mafuta ophikira lokha linkawasanzitsa. Ndiye ku Chitungwiza madzi a m'mipope amatha masiku osatuluka. Chisomo ankadzuka usiku kukaima pamzere wa pamjigo ndi zigubu, kubwera kudzachapa zofunda, kuphika, kenako kuthamangira kusukulu n'kumakawodzera m'kalasi. Amayi a Chigwirizano akabwera Lachinayi kudzazonda mnzawo, aPhiri ankawachingamira pageti ndi kumwetulira konse. "Agona pang'ono, ndi chimfine chabe."

Chinsinsi chotere amachisenza ndi mwana wamkazi, osati mwini wake.

Itatha kemo yachitatu kudabwera azakhali a Chisomo, mlongo wawo wa aPhiri, kuchokera ku Epworth. Atangowaona aNabanda adakhala pansi n'kulira.

"Achimwene, mwawatani alamu angawa? Munthu adalowa m'chipatala akuyenda yekha, lero akulephera kunyamula kapu. Si matenda akuwaphawa, ndi mankhwala. Kuli mneneri kutsidya kwa Manyame. Ine ndidaona ndi maso anga anthu akutaya ndodo."

APhiri adakana tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri adamva mkazi wawo akubuula usiku wonse, ndipo lachitatu adavomera. Tisawaweruze msanga. Munthu amene akuona mnzake amene wakhala naye zaka 25 akutha tsiku ndi tsiku amagwira chilichonse chimene chayandikira dzanja.

Adapita madzulo kuti a mpingo asawaone. Kumeneko kudali khamu, ena akutsokomola, ena atagona pamasaka. Mneneri adayang'ana aNabanda n'kunena kuti si khansa, ndi muvi woponyedwa ndi mnzawo wa pamsika. Adati amene akumwa mankhwala a chipatala ndiye kuti akukayika mphamvu ya Mulungu. Adawathira madzi ozizira pamutu, usiku wa mwezi wa June, n'kuwapatsa kabotolo ka mafuta. Kenako mnyamata wake adabwera ndi mbale ya "mbewu". APhiri adaikamo madola 150, ndalama ya kemo yachinayi.

Patapita masiku atatu, pakati pa usiku, aNabanda adayamba kunjenjemera mpaka mano kugundana. Chisomo adatulutsa choyezera chija. Chidaloza 39.

"Ababa, tiyeni kuchipatala. Anamwino adati tisadikire."

"Mneneri adati muvi ukamatuluka thupi limatentha. Gwada, tipemphere mpaka kuche."

"Ababa, chonde."

"Ndati gwada!"

Chisomo adagwada. APhiri adakweza mawu, azakhali akuvomera. Pemphero lili pakati, mtsikanayo adakwawa chammbuyo, kutsegula chitseko cha kukhitchini n'kudumpha mpanda kupita kwa agogo aNangozo.

Agogo amenewa adabadwira ku Ntcheu, ndipo adabwera ndi amuna awo ali namwali. Adaika m'manda amuna awo ndi ana atatu. Ku Chigwirizano sankapatsidwa kawirikawiri mwayi wopemphera, chifukwa anzawo ankati amamaliza ena asadatsinzine n'komwe. Adalowa m'nyumba ya aPhiri osaodira, atafunda bulangete, n'kugwira pamphumi pa wodwalayo. Kenako adagwada pambali pa bedi.

"Ambuye, mwana wanuyu watentha. Tiperekezeni panjira. Amen."

Adadzuka n'kutembenukira kwa aPhiri. "Mwana wanga, pita ukagogode kwa mnyamata wa kombi uja."

"Agogo, tidakali m'pemphero."

"Tapemphera. Kapena ukuganiza kuti sadamve?"

Azakhali adalowerera kuti kupita kuchipatala ndi kunyoza zimene mneneri adachita. Agogo sadawayang'ane n'komwe. Adapitiriza kuyankhula ndi aPhiri, motsitsa mawu.

"Iwe Baibulo umalidziwa kuposa ine. Mfumu Hezekiya itadwala idalira kwa Mulungu, ndipo Mulungu adaiwonjezera zaka 15. Nanga Yesaya uja adalamula kuti pachithupsa paikidwe chiyani? Si nkhuyu zouma? Mneneri weniweni adatumiza mankhwala. Uyu wakoyu wakulanda mankhwala n'kukulandanso ndalama. Tenga nsapato."

APhiri adaima kanthawi, milomo ikunjenjemera. Kenako adatuluka opanda nsapatozo.

Kuchipatala cha Chitungwiza, Chisomo adapereka pepala lija ndi khadi la ku Parirenyatwa. Atangoona mawu oti kemo, anamwino sadawaimikenso pamzere. Adatenga magazi, kuika diripi ya mankhwala opha tizilombo, n'kuwagoneka kwa okha. Kutacha dokotala adauza aPhiri kuti asilikali a m'magazi adali atatsala pang'ono kutheratu, ndipo akadadikira dzuwa mwina bwenzi akukamba za bokosi. ANabanda adagona m'chipatala sabata yathunthu.

Tsiku lina aPhiri atakhala pambali pa bedi, mkazi wawo adawagwira dzanja.

"Bambo a Chisomo, ine Mulungu sindidamukayikepo. Ndikakhala pampando uja, mankhwala ofiira akulowa, ndimati Ambuye yendani nawo m'mitsemphamu. Chimene chandilemera ndi kubisala. Ndikufuna anzanga adzandiyimbire. Ndikufuna mwanayu agoneko."

Lamulungu lotsatira, itakwana nthawi ya zolengeza, aPhiri adaimirira. Mpingo udakonzeka kukhala nthawi yaitali. Iwo adangoti: "Abale, akazi anga ali ndi khansa. Ndakhala ndikukunamizani kuti ndi chimfine. Ndalama ya mankhwala ndidakataya kwa mneneri. Tithandizeni." Adakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Ena adanong'onezana, poti pampingo sipalephera otero. Koma Lolemba m'mamawa panali zigubu zisanu ndi chimodzi za madzi pakhomo, ndipo sadadziwike adazitula. Amayi a Chigwirizano adagawana masiku. Wina ankabwera ndi phala la mapira losalala loti lidutse m'kamwa mwa zilonda, wina kudzachapa, wina kukakhala pabenchi ya tomato ku Chikwanha kuti malo asalandidwe. Agogo aNangozo adakhala mlonda wa pakhomo. Aliyense wolowa ankasamba m'manja ndi sopo, ndipo wa chifuwa ankayimbira panja, pawindo, ngakhale akhale mayi abusa.

Chimene chidatsala ndi ndalama. APhiri adapita ku sosaite ya maliro, imodzi mwa zija a kwathu adayambitsa kalekale m'dziko la eni kuti mnzawo asaikidwe ngati wopanda abale. Adali atasonkha mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Wapampando adatsegula buku n'kupukusa mutu.

"Malamulo athu ndi a bokosi, galimoto ndi chakudya cha pamaliro. Za odwala mulibe, achimwene."

"Ndiye kuti ndidikire amwalire kuti mundithandize?"

M'chipindamo mudati zii. Mkulu wina wa ku Mangochi, Msilamu, amene adali msungichuma, ndiye adayamba kuyankhula. Adati malamulowo adalemba ndi anthu, ndipo olembawo ambiri adagona kale. Adakangana mpaka dzuwa kulowa. Pomaliza adagwirizana zoti pakhale thumba lachiwiri, la ngongole ya odwala, ndipo aPhiri adakhala oyamba kulembedwa m'buku latsopanolo. Madalitso naye adawonjezera maola a ntchito ku Johannesburg.

Kemo yachinayi idachedwa ndi masabata awiri podikira kuti magazi abwerere. Atafika pamzere, aNabanda adafunafuna mnzawo wa ku Mabvuku. Mwana wa mayiyo ndiye adawaimbira foni madzulo kuti amayi adatisiya, ndipo masiku omaliza anamwino a Island Hospice ankabwera kunyumba kudzachepetsa ululu. Mayi ameneyo adapemphera, adalandiranso mankhwala onse osadumphitsa. ANabanda adalira kwambiri, ndipo adafunsa agogo kuti nanga n'chifukwa chiyani.

"Sindidziwa, mwana wanga," adatero agogo. "Ndaika atatu, ndipo mpaka lero sadandiuze. Imwa phalali lisadazizire."

Kemo yachisanu idawagwetsanso, koma panali manja ambiri owadzutsa. Tsiku la yachisanu ndi chimodzi aPhiri adatseka shedi yawo n'kuperekeza okha. Adakhala pabenchi ya panja maola onsewo atanyamula chikwama cha akazi awo pamiyendo, ndipo adapemphera chamumtima. Dokotala sadanene kuti khansa yatha. Adati pakali pano sakuona chotsalira, adawapatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse kwa zaka 5, ndi masiku obwera kudzapimidwa. Patapita miyezi iwiri tsitsi lidayamba kumera, lofewa ndiponso lotuwa. Chisomo adalemba mayeso ake mu November.

Azakhali aja adali atasowa chiyambire usiku wa kombi. Adatulukira Loweruka lina aPhiri kulibe, n'kukhala pamkeka osayankhula zomveka. Kenako adatseka chitseko, kumasula bulauzi, n'kutenga dzanja la aNabanda kuliika pansi pa bere lawo la kumanja.

"Alamu, chatha chaka. Ndakhala ndikupaka mafuta aja."

ANabanda sadawakumbutse kalikonse. Adaitana Chisomo kuti abwere ndi madzi osamba ndi chofunda china, poti azakhali agona konkuno mpaka Lolemba. Madzulo banja lonse lidagwada, ndipo aPhiri adapempha agogo aNangozo kuti atsogolere. Lolemba, 5 koloko m'mawa, amayi awiriwo adali kale pasiteji, aNabanda atanyamula khadi, botolo la madzi ndi mbatata zophika za anthu awiri.

Nthano yathera pamenepa.