Nsangu ndi Ulendo wa Ng'ombe

Kunja kukuyera, ndipo m'midzi yambiri abusa akutsekula makola.

Lero tiganizire za mtengo wa nsangu, uja mumauona utaima m'minda ya ku Salima ndi m'chigwa cha Shire. Mtengowu umayoyola masamba nthawi ya mvula, n'chifukwa chake chimanga chimakula bwino pansi pake. Chilimwe chikafika pachimake, udzu utauma, umagwetsa zipatso zake zopindikapindika, ndipo ng'ombe ndi mbuzi zimathamangira pamenepo.

Njere ya nsangu ili ndi khungu lolimba lomwe madzi amavutika kulibowola. Ikangokhala pansi pa mtengo, tizilombo tonga anankafumbwe timaidya m'kati. Koma njere zikamezedwa ndi ziweto, zina zimaphwanyika pobzikula, zina zimadutsa zamoyo, khungu litafewa. Ng'ombe imayenda ulendo wake wopita kudambo, n'kukasiya njere patali, ili m'ndowe zomwe zimasunga chinyezi ndi chakudya cha kambewuko. Kutchire, ku Liwonde kapena ku Lengwe, nswala ndi njati zimagwira ntchito yomweyi pa mitengo ya minga.

Si mbewu zonse zomwe zimatengedwa ndi nyama zili zabwino. Chisoso chimakakamira pa ubweya n'kulowa m'munda mwa mlimi osaitanidwa.

Chimandikhudza n'chakuti polima timazula timitengo ta nsangu tongomera kumene, poganiza kuti ndi tchire. Mukakaona kamodzi m'munda chaka chino, kazikireni kamtengo pambali, khasu likadutse patali.