Mutu Umodzi Susenza Denga

"Mutu umodzi susenza denga," anatero makolo athu, kutanthauza kuti ntchito yolemera imatheka pokhapokha anthu ambiri akaigwirira pamodzi ndi mtima umodzi.

Nzeru imeneyi yaonekera poyera ku Neno, kumene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linasonkhanitsa m'chaka cha 2015 chithandizo cha matenda okhalitsa pamalo amodzi. Kale mayi wokhala ndi kachilombo ka HIV, amenenso avutika ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ankakwera ndi kutsika mapiri a dera limenelo kawirikawiri, lero kukatenga ma ARV, sabata yamawa kukayezetsa nthenda inayo. Koma tsopano, pa ulendo umodzi, namwino amuyeza, dotolo amuona, wopereka mankhwala ampatsa zonse, ndipo akabwerera kwawo, wazaumoyo wa m'mudzi amamuchezera pakhomo, namfunafuna ngati wajomba tsiku lake.

Komatu taonani, kuchuluka kwa mitu pakokha sikukweza denga, pakuti wina akakokera kum'mawa, mnzake kumadzulo, udzu umagwera mwini nyumba yemwe. Chifukwa chake onsewo ayenera kuwerenga kaundula mmodzi, kuuzana zimene aona, ndi kufunsa wodwalayo chimene chimsautsa asanamlembere kanthu. Ine ndiona kuti chovuta koposa ndicho chakuti dotolo wophunzira kwambiri adzichepetse, akhale pansi kumvera wazaumoyo wa m'mudzi uja, amene ndiye adziwa kuti mayiyo waleka kumwa mankhwala chifukwa m'nyumba mwake mwatha ufa.