Mwana Wochira Chibayo Amafuna Mbale Yakeyake

Ana anga, inu amene mwangoyamba kulera, tcherani khutu. Mwana wonyentchera akagonekedwa ndi chibayo chachikulu, tsiku lomutulutsa m'chipatala mumaona ngati zatha. Ayi ndithu. Ofufuza amene anatsatira ana odwala kwambiri m'maiko a mu Africa ndi Asia, kuphatikizapo ku Blantyre, anapeza kuti pafupifupi theka la ana omwe anamwalira anali atabwerera kale kwawo. Kutentha thupi ndi kubanika zimamutha mphamvu mwana, chakudya amachikana, thupi n'kuyamba kudya mnofu wake womwe. Jakisoni ndi okosijeni zimathana ndi matendawo, koma mnofu subwerera popanda chakudya.

Ngati akuyamwa, bere lisachoke. Wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, usana ndi usiku. Wamkulupo apitirize mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

Pa phala ndi pamene ambiri mumaphonya. Mumaphika lamadzimadzi, la ufa woyera, poganiza kuti wodwala sangameze lolimba. Kamimba kake ndi kakang'ono. Mukakadzaza madzi, chakudya chilowa pati? Phikani la mgaiwa, lolimbako, losayenderera pasupuni. Thiranimo nsinjiro, kasupuni ka mafuta ophikira, tsiku lina usipa kapena bonya wosinja, tsiku lina dzira. Inde, dzira. Zoti mwana asamadye mazira tinazimva ifenso kwa makolo, koma zamana ana ambiri chakudya chomanga thupi. Chisoso, nkhwani, nthochi, papaya ndi mbatata yofiira mkati zisasowe. Mupatseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo kwa masabata awiri muonjezere chakudya china kamodzi pa tsiku. Akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa m'mbale ya onse akuluakulu ake amamutsirizira iye asanameze kawiri. Akakana musamukakamize momutsina mphuno, angatsamwe. Mufungateni, munyengerereni, muyesenso pakapita kanthawi.

Akakupatsani chiponde kuchipatala, dziwani kuti ndi mankhwala a mwana mmodziyo. Ndikudziwa kuwawa kwake ena akamayang'ana ndi maso anjala, koma mukagawa, wodwalayo sakwera sikelo. Musachisungunule m'madzi, adye kuchokera m'paketi, madzi aukhondo ali pambali. Likuni Phala nayenso ndi wake. Inu abambo, ndalama ya zokometsera pakamwa za pagolosale igule mtedza ndi mazira, ndipo tsiku la sikelo muperekeze mayi wa mwanayo.

Kusikelo alangizi a zaumoyo amamuyeza mkono ndi kalamba kamitundu. Kakaonetsa pofiira, kutanthauza kuti sanafike masentimita 11.5, mwana ali pangozi ngakhale akusewera. Mapazi onse awiri akatupa, musataye masiku pofufuza amene wamutsempha. Ndi kusowa kwa zakudya m'thupi, ndipo kumachizika kuchipatala. Mankhwala amene munapatsidwa amalize onse, katemera asadumphe, komanso musamubereke pophika m'khitchini yodzadza utsi wa nkhuni, poti mapapo ake akadali anthete.

Usiku akagona, muvuleni malaya muone chifuwa. Wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40, chibayo chingakhale chabwerera. Pansi pa nthiti pakamalowa mkati, akamalephera kuyamwa, akamasanza chilichonse, akakomoka kapena kulefukiratu, musadikire kuche. Dzutsani wa njinga mupite naye usiku womwewo.