Kodi Mbeu Nja Yani?

Nzeru za anthu zafika tsopano pamene makolo athu sadalotepo. Mu 1866 wansembe wa chipani cha Augustino Woyera, dzina lake Gregor Mendel, adalongosola m'mene nsawawa za m'dimba mwake zimatengera maonekedwe a makolo ao. Mu 1953 akatswiri adazindikira maumbidwe a DNA, kanthu kosaoneka ndi maso kamene kamasunga chibadwa cha chamoyo chilichonse. Lero munthu akhoza kutapa chibadwa cha chamoyo china nachiika m'chinzake, ndipo luso limeneli lasanduka malonda akulu a dziko lonse lapansi. Nanga Mkristu aziti chiani?

Tisayese kuti izi nza kutali. M'njala ya 2002 chimanga chosinthidwa chibadwa chidafika kuno kuchokera ku America. Ku Zambia, Levy Mwanawasa adachikana; Malawi adachilandira, koma adati chiyambe chagayidwa kuti anthu asachibzale. Mu 2013 thonje lotere lidayesedwa ku Bunda, ndipo mu 2019 alimi athu adayamba kulibzala. Mu 2021 dziko la Kenya lidalola kuti chinangwa chosinthidwa chiyesedwe, cholimbana ndi nthenda yooletsa mizu imene imasautsanso minda ya m'mbali mwa nyanja yathu ino. Nkhani ikafika pa chinangwa, ndiye kuti yafika m'mbale ya kondowole ya munthu wa ku Usisya.

Ena alikunena kuti kukhudza chibadwa cha mbeu ndi kulanda nchito ya Mulungu. Mau amenewa ali ndi ulemu, koma sakwanira. Mulungu adapatsa munthu nzeru, namuika m'munda kuti akhale mlimi ndi mlonda wake. Ndipo wanchito uja adakwirira ndalama ya mbuye wake pansi chifukwa cha mantha sadayamikidwe ai. Chinangwa chomwechi tichiyesa chathu ndi mlendo: kwao ndi ku South America, ndipo adabwera nacho ku Afrika ndi Apwitikizi. Akulu a ku Nkhata Bay akumbukira bwino zaka za pakati pa 1985 ndi 1987, pamene kachirombo ka kodikodi kadafotetsa minda, mabanja nagona ndi njala. Chithandizo chidadzera mwa anthu ophunzira a bungwe la IITA, amene adatenga kamavu kakang'ono ku South America komweko nakamwaza m'minda kuti kaphe kodikodi. Zoonadi, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Tsono luso palokha si tchimo.

Koma taonani kusiyana kwake. Kamavu kaja sikadafunse mtengo; kadalowa m'munda mwa mfumu ndi mwa mkazi wamasiye chimodzimodzi. Mbeu zambiri zatsopanozi zili ndi eni ake, ndipo malamulo a maiko ena amaletsa mlimi kusunga kapena kugawa mbeu yotere popanda kulipira. Chigulire kampani ya Bayer inzake ya Monsanto mu 2018, makampani owerengeka okha ndiwo agwira gawo lalikulu la malonda a mbeu pa dziko lonse. Malemu Papa Fransisko, m'kalata yao ya Laudato Si' ya 2015, sadatsutse luso limeneli, koma adachenjeza kuti lingathe kuunjika chuma m'manja mwa ochepa ndi kusandutsa alimi ang'ono anthu odalira ena.

Apa ndipo pagona bvuto. Ku Usisya, mai wamasiye munda wake ukakokoloka ndi madzi otsika m'mapiri, amanka kwa mnansi wake nabwerako atasenza mtolo wa mitengo ya chinangwa, osatulutsa ngakhale tambala imodzi. Mwambo umenewu ndiwo nkhokwe yeniyeni ya mudzi umene mseu wake ngwobvuta, umene ndalama zake zimadza ndi usipa ndi kuthawa mwera ukaomba. Mbeu ikadzakhala ya m'sitolo mokha, woyamba kugona ndi njala adzakhala mai ameneyu. Eklezia aphunzitsa kuti munthu ali nao ufulu wokhala ndi zakezake, ndi kuti katswiri amene wakhetsa thukuta ayenera malipiro ake. Koma aphunzitsanso kuti Mulungu adalengera anthu onse zabwino za dziko, kotero kuti phindu la mmodzi silingaime pamwamba pa moyo wa mnzake. Ndipo njira yolungama ilipo: chinangwa cha ku Kenya chija chidakonzedwa ndi bungwe la boma la zaulimi pamodzi ndi anzao akunja, ndi cholinga chakuti chifike kwa alimi ang'ono.

Inu makatekisti, anthu akadzakufunsani za mbeu yatsopano, musawaopseze ndi nkhambakamwa, musawakankhirenso kutsogolo mwakhungu. Safunsa adadya phula. Aphunzitseni kufunsa alangizi mafunso atatu: Kodi mbeu imeneyi yayesedwa mokwanira ndi poyera? Kodi ndidzaloledwa kuisunga ndi kugawirako mnansi wanga? Kodi mbeu zathu zakale zidzasungidwa, kuti yatsopano ikalephera tikhale ndi pothawira? Mayankho akakhala abwino, ilandireni ndi kuthokoza Mulungu amene apatsa nzeru. Akakhala ozemba, dekhani, ndipo musazule chinangwa chimene chidalera makolo anu.