Mthunzi Wopyapyala Kuposa Tsitsi

Kuno pansi tikatenthedwa timadalira mphepo, madzi ndi thukuta. Mumlengalenga mulibe mpweya woti n'kunyamula kutentha. Kumafika ngati kuwala, n'kuchokanso ngati kuwala basi. N'chifukwa chake masetilaiti amavekedwa zonyezimira. Zimaoneka ngati golide, koma kawirikawiri ndi pulasitiki yachikasu yotchedwa Kapton, yopakidwa aluminiyamu kuseri.

Telesikopu ya James Webb inanyamuka ku Kourou, French Guiana, pa 25 December 2021, ndipo ili pamtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera padziko. Ntchito yake ndi kuona kuwala kofooka kwa milalang'amba yakutali, ndiye iyenera kuzizira kwadzaoneni. Itangofunda pang'ono, kutentha kwake komwe kungaiphimbe m'maso. Choncho anaipangira chotchinga dzuwa cha mamita pafupifupi 21 m'litali ndi 14 m'lifupi, cha nsalu zisanu zosanjikizana koma zosakhudzana. Yoyang'ana kudzuwa ndi yokhuthala mamilimita 0.05 okha, zinayi zinazo theka lake. Dzuwa likawomba nsalu yoyambayo, kuwala kochuluka kumabwezedwa pomwepo. Kotsalako kumanjanja m'mipata ya nsaluzo, kucheperachepera, mpaka kutulukira m'mbali. Kudzuwako kumatentha madigiri pafupifupi 85, kumthunzi kumazizira kufika pa -233. Madigiri oposa 300, ndipo chowalekanitsa n'chinthu choti munthu angachiboole ndi singano!

Komatu Namalenga anayamba kalekale kuveka kanyerere chovala chotere. M'chipululu cha Sahara muli nyerere zonyezimira ngati siliva, zotchedwa Cataglyphis bombycina. Zimatuluka dzuwa lili paliwombo, mchenga utafika mwina madigiri 70, abuluzi amene amazidya atabisala. Zimathamanga n'kutola tizilombo tofa ndi kutentha, n'kubwerera kuuna pasanathe mphindi ngati 10. Kuchedwa pang'ono ndi imfa.

Pamsana ndi m'mbali mwake muli tiubweya tambali zitatu tothithikana. M'chaka cha 2015 gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Nanfang Yu wa ku Columbia University linasonyeza kuti ubweyawo umagwira ntchito ziwiri pakamodzi: umabweza kuwala kwa dzuwa, komanso umathandiza thupi kutaya kutentha kwake, ntchito zomwezo zimene akatswiri a masetilaiti amakhalira usiku kuziwerengera. Ine chimandigonjetsa n'chakuti kumimba kwake kulibe ubweyawo, chifukwa kumeneko kukuyang'ana mchenga wamoto. Ofufuzawo atameta zina mwa nyererezo n'kuziika pakuwala, zinatentha kwambiri kuposa zinzake zaubweya.