Funsani kaye kuti anamenyana ndi yani

Adzukulu anga, senderani kuno dzuwa lisanamire mu Zambezi. Dzulo ndinakumvani mukukangana za nkhonya mpaka mawu kusasa, foni ikuyenda m'manja m'manja. Wina anati Floyd Mayweather ndiye mwini nkhonya poti anamenya maulendo 50 osagonjako. Wina anati Lottie Mwale ndi nthano chabe ya nkhalamba, chifukwa lamba wa dziko lonse sanamuvalepo. Mawu achiwiriwa anandilasa, ndipo ndinagona nawo usiku wonse.

Ine ndinachoka kwathu ku Katete ndili mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji ku Livingstone, kalekale ndisanamange nyumba kuno ku Simonga. Masiku amenewo dzina la Lottie linali pakamwa pa aliyense, Mtonga, Mlozi, Mbemba ndi ife a Kum'mawa. Tinkamutcha Gunduzani, ndipo dzinalo silinali lomunamizira. M'chaka cha 1974 anabwera ndi mendulo ya golide kuchokera ku masewera a Commonwealth ku Christchurch, m'dziko la New Zealand. Koma lero sindikufuna kukuwerengerani mamendulo. Ndikufuna mumve mayina a anthu amene anaima nawo m'bwalo, chifukwa mbiri ya wankhonya imagona pamenepo.

Chaka cha 1978 chokha chikukwanira. Lottie anali atangoyamba kumene nkhonya za ndalama, m'gulu la light heavyweight, la amuna olemera pafupifupi makilogalamu 79. Anapita ku Leicester ku England, kwawo kwa Tony Sibson, mnyamata amene anali asanagonjepo, n'kumugwetsa mu raundi yoyamba anthu akwawo akuona. Pano ndinene chilungamo, chifukwa muyeso umene ndiyesera ena ndiyeseranso wanga yemwe. Sibson mwachibadwa anali wa thupi locheperapo, ndipo pambuyo pake anatchukira m'gulu la middleweight, kumene anakafika pomenyana ndi Marvin Hagler mu 1983. Choncho chipambano chija n'chokoma, koma sindichikweza kuposa msinkhu wake.

Chimene ndimachikweza ndi cha mwezi wotsatira, wa June, ku Belgrade. Kumeneko Lottie anakumana ndi Marvin Johnson wa ku America, wamanzere, wosadziwa kubwerera m'mbuyo, amene anali ndi mendulo ya ku Olimpiki ya 1972. Manejala wofuna kusunga mbiri ya mnyamata wake sakanalola nkhonya yotere. Lottie anaimenya maraundi 8 n'kupambana pamapointi. Tsopano tcherani khutu. Miyezi 6 yokha itadutsa, mu December chaka chomwecho, Johnson yemweyo analanda lamba wa dziko lonse wa WBC kwa Mate Parlov, ndipo m'moyo wake anakhala katswiri wa dziko lonse katatu. Munthu amene inu mukuti ndi nthano ya nkhalamba anagonjetsa mwamuna ameneyo ali pachimake pa mphamvu zake, kudziko la eni, popanda khamu la kwawo lomuchemerera.

Mu 1979 anatenga lamba wa Commonwealth kwa Gary Summerhays wa ku Canada mu Lusaka, ndipo anakhala naye mpaka 1985 pamene Leslie Stewart anamulanda ku Trinidad. Pakati pa zaka zimenezi pali tsiku limene inu mumamunyozera nalo, 28 November 1980, ku San Diego. Amene anali ndi lamba wa WBC nthawi imeneyo anali Matthew Saad Muhammad, yemwe analanda lambayo kwa Marvin Johnson. Saad anali munthu woti ukamumenya mpaka nkhope kutupa ndiye wamudzutsa. Lottie analowa m'bwalo asanagonjepo chiyambire, anayamba bwino, koma mu raundi yachinayi anagwa osadzukanso m'nthawi yake. Nkhaniyo itatipeza pawayilesi, kuntchito kunali zii ngati pamaliro. Tinamva kuwawa, koma palibe anachita manyazi. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Lottie anali atakula mpaka panalibenso wina woti amenyane naye koma mwini lamba, ndipo sanalewe.

Kwawo kuno nakonso sanathawe mnzake woopsa. Chisanda Mutti anali Mzambia mnzake, wa nkhonya yolemera, ndipo Lottie anaika lamba wake patsogolo pake mu Lusaka n'kumugonjetsa. Mutti ameneyu musamuiwale. Mu October 1985 ku Monaco analimbirana lamba wa IBF ndi Lee Roy Murphy, ndipo mu raundi ya 12 onse awiri anaponyerana nkhonya nthawi imodzi, onse n'kugwa pansi. Murphy anadzikoka n'kuima woimbira asanamalize kuwerenga, Mutti analephera. Papepala analemba kuti Mutti anagonja, basi. Pepala silinena kuti lamba wa dziko lonse anamuphonya ndi kamphindi kochepa chotero.

Za Mayweather sindikutsutsani kuti ndi katswiri. Munthu amene anagonjetsa Oscar De La Hoya mu 2007 ndi Canelo Álvarez mu 2013 si wamba, ndipo luso lake lozinda nkhonya ndi loti aliyense wa inu aphunzirepo. Koma mukamatchula 50, muzitchulanso kuti wa nambala 50 anali Conor McGregor mu 2017, munthu wa masewera ena omenyana amene anali asanamenyepo nkhonya za ndalama ngakhale kamodzi. Muzitchulanso kuti nkhonya yake ndi Manny Pacquiao, imene dziko linaiyembekezera zaka zisanu, inachitika mu 2015 onse awiri atapitirira zaka 35. Tsabola wakale sawawa. Dzina la mdani likhoza kukhala lalikulu pamene miyendo yake inatha kale, n'chifukwa chake funso lakuti anamenyana ndi yani limayenda ndi mnzake lakuti anamenyana naye liti.

Inu amene mumapalasa mabwato a alendo kumalo ogona a m'mbali mwa mtsinjemu mukudziwa bwino zimenezi. Mlendo akagwira tinsomba makumi awiri m'madzi osaya, madzulo sakamba kanthu. Amene walimbana ndi mcheni mmodzi wamkulu, ngakhale udule chingwe n'kuthawa, ndiye amakamba mpaka moto kuzima, ndipo inu nomwe mumamulemekeza.

Mudziwenso mmene mbiri yopanda banga imapangidwira. Kawirikawiri wankhonya sasankha yekha mdani. Amasankha ndi manejala pamodzi ndi okonza masewerawo, ndipo iwo amayang'ana matikiti ndi ndalama za pa TV. Mnyamata akaoneka kuti ali ndi tsogolo, amamufunira anthu amene agonja kambirimbiri, kapena opepuka thupi, kapena oitanidwa kutatsala masiku ochepa osakonzekera. Poyamba zimenezi si zoipa, mwana sayambira nyemba zouma kutafuna. Choipa n'chakuti ena amakalambira pomwepo, zipambano zikuchuluka koma luso lili pamodzimodzi, mpaka tsiku limene akumana ndi mwamuna weniweni ndipo alibe poyambira. Wankhonya wochokera kuno kwathu mwayi wotetezedwa choncho saupeza kawirikawiri. Lamba ali kunja, ndalama zili kunja, oweruza ndi a komweko. Catherine Phiri anagonja kwa Christina McMahon mu Lusaka mu 2015, komabe mu January 2016 anakwera ndege kupita ku Mexico n'kukalanda lamba wa WBC kwa Yazmin Rivas kwawo komweko. Chaka chotsatira anabwereranso ku Mexico, mumzinda wa Mexico City, kukauteteza kwa Mariana Juárez, ndipo anausiya kumeneko. Mwana wamkazi ameneyo ndimamuika pamzere umodzi ndi Gunduzani.

Pali mbali ina ya nkhani ya Lottie imene imandilemera kuinena, koma ndikaibisa ndiye kuti ndakunamizani. Anakhalitsa m'bwalo. Mu 1982 Eddie Mustafa Muhammad anamugwetsa. Mu 1992, ali ndi zaka pafupifupi 40, anapita ku Bismarck ku America kukamenyana ndi Virgil Hill, amene anali wamng'ono kwa iye ndi zaka zoposa khumi, ndipo anagwanso mu raundi yachinayi. Nkhonya ya ku Belgrade ndi ya ku Bismarck sizifanana, ngakhale zonse zinafuna mtima wolimba. Ku Belgrade anapita kukayesa mphamvu zimene zinali kukula. Ku Bismarck anapita thupi litayamba kale kukana. Madokotala amachenjeza kuti nkhonya za kumutu zobwerezabwereza zimavulaza ubongo, ndipo bala lake limadzaonekera patapita zaka. Lottie anamwalira mu October 2005 atavutika nthawi yaitali ndi matenda a Parkinson's. Ife amene tinkakuwa Gunduzani, Gunduzani, tinkafuna kuti azimenyabe, ndipo ochepa mwa ife tinafunsa kuti akadzatsika m'bwalo adzadya chiyani, adzamusamala ndani. Mlandu umenewo ndi wathu tonse amene tinkaombera m'manja.

Tsopano iwe mdzukulu wanga, amene umadzuka mbandakucha kuthamanga mumsewu wa Nakatindi, amayi ako ali ndi nkhawa ndi njovu zodutsa. Ndamva kuti unakana kubwerezana ndi mnyamata wa ku Maramba amene anakugonjetsa, ndipo ukufuna mphunzitsi wako akupatse wina amene unamumenya kale kawiri. Amene unamumenya kawiri alibenso choti akuphunzitse. Wa ku Maramba uja ndiye akudziwa pamene dzanja lako lamanja limagwa ukaponya lamanzere, ndipo ukapanda kukatseka mpata umenewo kwa iye, adzakutsegulira ndi wina woopsa kuposa iye, pamaso pa anthu ambiri. Uli ndi zaka 19, ino ndiyo nthawi yako ya ku Belgrade. Koma undilonjeze zinthu izi pamaso pa anzakowa: usamenyane ndi wokuposa kulemera chifukwa cha ndalama, ukagwetsedwa upumule masiku onse amene dokotala wanena ngakhale anzako akuseke, ndipo maphunziro ako a zamagetsi usawasiye.

Loweruka upite kwa mphunzitsi wako ukamuuze kuti wavomera. Tsiku likadziwika undiuze msanga, ndisunge ya minibasi, ndikakhale kutsogolo pafupi ndi kona yako.